Eliness ndi Mayina a Mapiri

Aphunzitsi onse anagwirizana chimodzi: Eliness Maliro wa ku Tsangano analibe mutu wa sukulu. Kawiri konse analephera mayeso a Fomu 4, ndipo chinkamugwetsa kwambiri chinali pepala la jogalafe. Mwana wobadwira m'mapiri sankatha kusiyanitsa mawu a Chingerezi akuti hill, mountain, ridge ndi escarpment. Kwa iye chokwera chilichonse chinali phiri basi.

M'chaka cha 1998 bambo ake anagamula kuti alembe kachitatu, komaliza. Akalepheranso, akwatiwe ndi mlimi wina wachikulire wa kutsidya kwa malire, amene anali atafunsira kale mbeta.

Sukulu inali itamutaya, choncho ankawerenga yekha, masana n'kumasenza matumba a kachewere kupita kumsika. Zimene mabuku analephera kumuuza anaganiza zofunsa miyendo yake. Chitunda chimene ankakwera osatula thumba anachitcha hill. Phiri lomutulitsa katatu asanafike pansonga, mountain. Msana wautali umene mphepo inkamuomba mbali zonse ziwiri, ridge. Pamene dziko limadukira mwadzidzidzi n'kugwera kuchigwa, escarpment. Anzake apamsika ankamuseka kuti kachewere wamulowa m'mutu, poti ankayenda akulankhula ndi mapiri m'Chingerezi. Koma mapu, amene kale anali mizere yopotana chabe, anayamba kumuonetsa njira zimene ankaponda.

Lero Eliness amaphunzitsa jogalafe, ndipo ophunzira ake amayamba akwera phiri asanatsegule buku. Inu amene mwagwa pamayeso, musataye mtima. Komanso musafune njira yachidule. Imvani zimene anachita m'mawa wa pepala lija.

Msuweni wake Fabiano, amene ukwati uja unkamumvetsa chisoni, anamuimitsa panjira, anthu akuona, n'kumutambasulira likasa, kapepala ka mayankho obera.

"Tenga, msuweni, usachite matama. Kapena wawakonda kale madala a imvi aja?"

Eliness sanaseke. Analandira kapepalako, pakuti mantha anali nawo ndithu. Sanakatsegule. Anakabwezera m'dzanja la Fabiano n'kumupinda zala.

"Zikomo achimwene, koma sungani. Mapiri amenewa ndawakwera ndi thumba pamutu chaka chathunthu. Sangandikane lero."