Kukagula galimoto ya pa sinowo ku Indianapolis

Tinanyamuka ku South Bend Loweruka cha m'ma 7 koloko m'mawa, ine ndi a Nkhoma, mkulu wa kumpingo kwathu, pa vani yawo. Ndinkapita kukagula galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, ija amati AWD. Chaka chatha kagalimoto kanga kakale kanandikanirira mu sinowo katatu, ndipo kunyumba yosamalirako okalamba komwe ndimagwira ntchito anandiuza mosapsatira kuti ndikadzachedwanso kamodzi, ntchito yatha. Novembala anali atalowa kale, ndipo kunena zoona ndinali ndi mantha.

A Nkhoma ndinawatenga chifukwa kwathu sugula galimoto wekha, umatenga munthu wodziwa. Iwo anayendetsa ma folo bayi folo zaka zambiri m'matope a ku Nsanje, ndipo sakulola kuiwala zimenezi. Anabwera atavala suti.

Msewu wa 31 ndi wowongoka mpaka kugonetsa tulo, uku ndi uku minda ya chimanga yokololedwa kale. Pa Kokomo tinaima. Ndinawathirira petulo wa madola makumi atatu, kenako tinadya mandasi anga ndi tiyi wa m'fulasiki tili m'galimoto momwemo.

"Mwanangu, galimoto ndi msinkhu," anatero. "Ikhale yaitali, injini izilira bwino. Zinazo ndi zokongoletsa chabe."

Tinafika pa Lafayette Road, mumzinda wa Indianapolis, 10 koloko itadutsa. Pabwalo lina logulitsira magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito, a Nkhoma anapita molunjika pa chigalimoto chakuda, chachitali, chonyezimira. Anamenya matayala ndi nsapato, anatsegula boneti, anatchera khutu ku injini, anakayang'ana utsi kumbuyo.

"Iyi ndiye galimoto. Sayinani tizipita."

Nanenso mtima unali utagwa kale pa galimotoyo. Ndinkadziona ndikutsika m'menemo Lamulungu, azimayi a kwaya akusuzumira.

Pafupi nafe panali mayi wina wachikulire wa konkuno, yemwe ankadikira kuti amupopere tayala. Anandifunsa komwe ndimakhala, ndipo nditati South Bend anapukusa mutu.

"Kumtunda kumeneko amathira mchere wambiri m'misewu kuti sinowo asungunuke. Mwayang'ana kunsi kwake?"

A Nkhoma anaseka. "Kunsi kuli chiyani? Si ngolo iyi."

Sakanagwada ndi suti ija, ndiye ndinatulutsa chitenje m'chikwama, ndinayala pansi n'kulowa chagada. Ndinagogoda chitsulo ndi kiyi. Dzimbiri linandigwera kumaso ngati makoko a mtedza, ndipo pena kiyi analowa yense. Ndinatuluka ndikulavula. Ndalama zomwe ndinasunga chaka chonse zinatsala pang'ono kupita pa chitsulo chowola.

Kwathu galimoto imafa ndi maenje ndi fumbi, n'chifukwa chake timayang'ana msinkhu ndi injini. Kuno imadyedwa ndi mchere kuyambira pansi, pamwamba ikuwala.

Masanawo ndinalowa pansi pa magalimoto ena anayi, chitenje chinada bii. Yomwe inali yolimba kunsi inali yaing'ono, yotuwa, yokalika chitseko, yosapatsa chidwi ngakhale pang'ono. Tinaiyesa pamsewu, matayala ake anali ndi mano, ndinasayina. Wogulitsa pondipatsa makiyi anandichenjeza kuti matayala anayi amathandiza ponyamuka, koma poima ndi chimodzimodzi galimoto ina iliyonse.

"Ndiye kagalimoto ka aphunzitsi aka," anadandaula a Nkhoma. Tinadya mpunga ndi nyama ya mbuzi pa lesitilanti ina yapafupi, tinanyamuka 3 koloko, iwo patsogolo ine pambuyo.

Titadutsa Plymouth sinowo anayamba, woyamba m'nyengo yozizira ino. Pofika mu South Bend msewu unali utayera. Pa maloboti ena pokwera kamtunda, vani ya a Nkhoma inayamba kuzungulitsa matayala pamalo amodzi, ikugwedeza kumbuyo. Kanga kananyamuka bwinobwino. Ndinawadutsa pang'onopang'ono, ndipo ndivomere, ndinawaimikira dzanja.

Lolemba ndinafika kuntchito mphindi makumi awiri isanakwane 6, ndipo mizere ya matayala anga ndiyo inali yoyamba pabwalo. Ndinakhala kaye m'galimoto, mtima uli m'malo koyamba chichokereni chaka chatha.

Zomwe ndinaphunzira paulendowu n'zoti nzeru za kwathu zimafunika kuziwonjezera ukafika kwa eni. Sindine ndekha amene ndinaphunzira. Lamulungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, a Nkhoma anandiitanira kuseri kwa vani yawo, anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona:

"Mwanangu, chitenje chija mwabwera nacho?"