Tsiku Limene Amayi Anazira Khonde

Ntchito yanga inali yojambula nyumba kawiri: isanakonzedwe, kenako itakonzedwa. Ndinkagwira kwa kontilakitala wina wa pa Mponela, munthu wa kamimba kake ndi galimoto yoyera, amene ankakonzanso nyumba zakale m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Fodya akangogulitsidwa, anthu ankatiitana kuti tichotse malata a dzimbiri, timate pulasitala, tiike mazenera a magalasi. Amisiri ankagwira zawozo, ine ndinkagwira foni. Zithunzi ziwirizo tinkaziika mogundana pa masamba a mchezo, china cholembedwa kuti "kale", china "tsopano", m'munsi mwake nambala ya abwana. Anthu akaziona, foni ya abwana sinkapuma.

Chithunzi cha "tsopano" aliyense akhoza kujambula. Penti watsopano safuna luso, umangodikira dzuwa lipendeke n'kudina. Luso linali pa chithunzi cha "kale", ndipo sindibisa, pamenepo ndinali katswiri. Ndinkadziwa kugwada pansi kuti mng'alu wa pakhoma uoneke ngati ukufika kudenga. Ndinkadziwa kudikira kamtambo kuti nyumba ioneke yomvetsa chisoni. Beseni lobooka likakhala pambali, ndinkalikankha ndi phazi mpaka lilowe m'chithunzi.

Koma lamulo lalikulu linali limodzi: usawauze tsiku lobwera. Anthu akwathu ukangowauza kuti kukubwera wojambula, basi wadziwonongera ntchito. Amalawirira kusesa bwalo mpaka kumsewu, kuzira khonde, kuchapa makatani, chilichonse chothyoka n'kukachibisa kuseri kwa nkhokwe. Ukafika umapeza nyumba ikukudikira ngati mkwatibwi, ndiye ujambulapo chiyani? Abwana ankati chithunzi chotero sichingagulitse ngakhale thumba limodzi la simenti. Choncho ndinkangotulukira pa njinga yamoto, moni wapatalipatali, foni ili kale m'manja.

Ku Kasakula ndinajambula nyumba ya mkulu wina amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Zenera lake limodzi linali litasweka, iye n'kutsekapo ndi thumba la feteleza. Atandiona ndikukweza foni anayamba kuthamanga, munthu wamkulu, uku akunena kuti, "Dikirani kaye amayi, ndichotse kathumbaka!" Ine ndinadina ali mkati mothamanga. Chithunzicho chinatuluka bwino koopsa: nkhalamba itatambasula dzanja kulunjika pazenera, malaya atatuluka m'buluku, pakamwa pali yasa. Abwana anachikonda mpaka anachisindikiza pa chikwangwani chachikulu chimene anakhoma panja pa ofesi yawo. Patapita masiku, mwana wamkazi wa mkulu uja anandiimbira foni kuchokera kutauni, kufunsa kuti bambo ake anatilakwira chiyani. Ndinamuyankha kuti nyumba tinaikonza bwino, azithokoza. Ndinadula foni n'kupitiriza kudya chimanga changa chootcha.

Nyumba ya amayi anga ili chakumtunda kwa Nachisaka, pa chitunda chimene aliyense wodutsa mumsewu amachiona. Anaimanga ndi malemu bambo anga. Njerwa anaumba okha n'kuotcha okha, amayi akutunga madzi. Ine ndinabadwira momwemo. Pofika chaka chimene ndikunenachi malata anali atabooka, moti mvula ikabwera amayi ankandandalika mabeseni pabalaza, ndipo khoma la kumadzulo linali ndi mng'alu woti n'kulowa dzanja. Ine ndi achimwene anga okhala kutauni tinagwirizana zoikonza, ndipo ndinanena monyadira kuti ntchitoyo agwira ndi abwana anga. Abwana atamva pamene nyumbayo ili, anasisita manja.

"Imeneyo ndiye ikhala yathu yoonetsera," anatero. "Aliyense wodutsa mumsewu uja aziiona. Undijambulire 'kale' woopsa, wamva?"

Ndinavomera. Sindikufuna kudzikometsera pano: ndinavomera ndi mtima wonse, ndipo ndinali nditaganiza kale malo ogwada kuti mng'alu uja utuluke bwino.

Kenako ndinalakwitsa ngati mwana. Ndikuwaimbira amayi kufunsa za mwendo wawo umene unkatupa, pakamwa panangondipulumuka: "Tibwera Lachinayi kudzajambula nyumba amisiri asanayambe." Ukamalankhula ndi amayi ako sukumbukira malamulo a kuntchito.

Lachinayilo tinafika dzuwa litakwera pang'ono. Ndisanatsike n'komwe m'galimoto ndinadziwa kuti zavuta. Bwalo linali losesedwa, mizere ya tsache ikuoneka mpaka kuchigafa cha fodya. Khonde lonse anali atalizira ndi mtsiro wakuda wa kudambo, ukadali wonyowa m'makona. Makoma a kumaso ndi a m'mbali anapaka laimu, m'munsi mwake n'kuzunguliza mzere wa katondo wowongoka bwinobwino. Mng'alu uja anaumata ndi dothi n'kusalaza ndi chikhatho. Pazenera panali makatani amene ankatuluka pa Khirisimasi pokha. Ndipo eni ake anaima pakhomo atavala bulauzi yoyera ya kumpingo ndi mpango woyera kumutu, manja atagwirizira kutsogolo, akumwetulira.

Kudambo kwathu n'kutali, ndiponso n'kotsetsereka. Mayi wa mwendo wotupa anakhala akutsika ndi kukwera chitundacho masiku atatu, chidebe cha mtsiro chili pamutu. Nditawagwira dzanja popereka moni ndinamva kuti zala zawo zakhakhala, laimu atazidya.

"Takulandirani, bwana," anatero amayi akupinda mawondo. "Mutikhululukire, sitinathe zonse. Kuseriku nthawi inatichepera."

Abwana sanayankhe moniwo. Anandikokera pambali, koma mawu sanatsitse.

"Iwe, wachita chiyani? Ndiye tikonza chiyani apa? Anthu akaona adzati tangopaka penti basi."

"Denga likudontha, bwana. Malatawo akuoneka dzimbiri."

"Dzimbiri silimvetsa munthu chisoni. Tola kamtengo ukolokose dothi lili mumng'alumo. Makataniwo achoke. Kuseriko kulibe beseni lakale? Ubweretse. Amayiwo uwauze avale zimene amavala popita kudimba, akhale pakhondepo. Anthu amafuna amve chisoni kaye, kenako asangalale."

Palibe chachilendo chimene ananena. Zonsezo ndi zimene ine ndinkachita sabata ndi sabata popanda wondituma. Ndinatola kamtengo ndithu, ndinapita kukhoma la kumadzulo, mpaka ndinakaloza pa dothi lija. Pamenepo m'pamene ndinaona kuti chikhatho cha amayi chadinda pa dothipo, zala zonse zisanu, ndi kachala kawo kopindika kamene kanathyoka kalekale. Ndisanachite kanthu ndinamva amayi akukoka mwendo kumbuyo kwanga.

"Sindinamate bwino, eti?" anandifunsa. "Bambo ako ndiwo ankadziwa. Chaka chilichonse mvula isanayambe ankamata apa, ine ndikuwapatsira dothi. Ngati zikuoneka zonyansa pachithunzi undiuze, ndibwereze."

Iwo ankaganiza kuti tabwera kudzajambula chithunzi chokumbukira nyumba ya amuna awo isanasinthidwe. Palibe amene anawauza kuti tikufuna chithunzi choti anthu osawadziwa akaone n'kupukusa mutu. Ndinapsa mtima, ndipo amene ndinamupsera kwambiri ndi ine mwini. Kamtengo kaja ndinakaponya m'munda mwa chimanga.

"Mwamata bwino, amayi. Taimani pakhomopo."

Ndinaima chilili, osagwada. Ndinadikira kamtambo kadutse, dzuwa limenye pa laimu. Amayi anakonza mpango, n'kuchotsa kumwetulira kuja monga amachitira anthu akuluakulu akamajambulidwa. Ndinadina katatu.

Abwana anasuzumira pa foni yanga n'kufwenthera m'mphuno. "Chimenecho ukakhome kuchipinda kwako. Ine ndikufuna changa." Anatulutsa foni yawo n'kulowera kuseri kwa nyumba, kumene laimu sanafike, kumene amayi anaunjika mabeseni a mvula aja pamodzi ndi mphasa yong'ambika ndi mpando wopanda mwendo. Ndinawathamangira n'kukaima pakati pa iwo ndi khoma.

"Choka apo, ukutchinga."

"Sindichoka."

Anasendera kumanzere, nanenso ndinasendera komweko. Anasendera kumanja, ndinali nditafika kale. Masiku ano ndikakumbukira ndimaseka, anthu awiri akuluakulu kuvinavina kuseri kwa nyumba, nkhuku zikutiyang'ana. Tsikulo sindinaseke.

"Ukudziwa kuti ofuna ntchito yakoyi ndi angati? Foni aliyense ali nayo masiku ano."

"Akajambule nyumba za amayi awo."

"Nanga za anthu ena unkajambula bwanji? Lero ndiye wasanduka woyera mtima?"

Funso limenelo linandilasa chifukwa linali loona. Ndinangoti, "Ndinkalakwa. Koma pano simujambula."

"Ndiye nyumbayi akonze wina. Iwenso Lolemba ndisakuone kuofesi."

"Ngakhale mawa lenilenili simundiona, bwana."

Galimoto inanyamuka ndi fumbi, n'kuponda mizere ya tsache ija. Nthawi yomweyo amayi anatuluka m'khitchini atanyamula tiyi ndi mbatata, makapu a alendo ali pa thireyi.

"Aa, alendo apita osamwa tiyi? Wawanena chiyani iwe? Pakamwa pakopa ndimakuuza ine."

Tinakhala pa mkeka, chifukwa pakhonde panali pasanaume, ndipo ndinawauza zonse. Ndinawauza za zithunzi za "kale", za beseni lokankha ndi phazi, za mkulu wa ku Kasakula ndi thumba lake, ndiponso kuti kamtengo kaja ndinatola ndi dzanja langali. Anamvetsera akusenda mbatata, osandiyang'ana.

"Ndiye unkafuna dziko lonse lione mabeseni anga?" anafunsa pamapeto pake. "Nyumba yangayi imadontha, inde. Koma imadonthera ine, sidonthera anthu a mumsewu."

Anandipatsa mbatata yosendayo, n'kufunsanso:

"Mkulu wa ku Kasakulayo unakamupepesa?"

"Ayi."

"Imwa tiyi wa alendoyo, akuzizira."

Achimwene anga atamva anandikalipira pa foni mpaka khutu kutentha. Anati ndi kudzikonda, anati chithunzi sichipha munthu koma mvula imagwetsa khoma. Ndipo mbali ina ananena zoona, chifukwa amisiri onse odalirika anali atatengedwa kale, mvula inafika nyumba isanakonzedwe. Dzinja lonselo amayi anandandalikanso mabeseni pabalaza. Ine ndinali pomwepo, wopanda ntchito, ndikuwathandiza kusoka fodya ndi kukataya madzi a m'mabesenimo. Ndinkadikira tsiku limene adzandinene kuti ndi ine ndawachititsa. Sananene, ndipo nanenso sindinanong'oneze bondo ngakhale tsiku limodzi.

Chilimwe chotsatira nyumbayo anaikonza ndi mmisiri wa m'mudzi woyandikana nafe, wopanda ofesi, wosakanizira simenti pansi. Iyeyu ndiye anali woyamba kundipempha kuti ndimujambulire ntchito yake, kenako anzake anatsatira. Mpaka lero ndimajambulira amisiri ang'onoang'ono otere, ndipo lamulo langa ndi limodzi: eni nyumba ndimawauza kutatsala masiku atatu. Asese, azire, atulutse makatani a pa Khirisimasi, avale zimene akufuna. Ngati mmisiri akufuna kuonetsa kuti denga linali lotha, ndimalowa m'kati n'kujambula malata dzuwa likudutsa m'mabowo. Ngati akufuna kuonetsa chiswe, ndimajambula phaso, osati munthu. Ena amadandaula kuti zithunzi zanga sizimvetsa chisoni. Ndimawauza kuti ofuna chisoni apite kwina, njira ya ku Mponela akuidziwa.

Ku Kasakula ndinapita, koma mochedwa. Ndinapeza mkulu uja atamwalira. Mwana wake wamkazi uja, amene anali atabwerera kumudzi, anandimvetsera ataima pakhomo pa nyumba imene tinakonza ija, magalasi ake akunyezimira. Sananditukwane. Anangoti bambo ake anasiya kupita pa Mponela kuyambira tsiku limene ana amene ankawaphunzitsa kale anawauza kuti awaona pa chikwangwani. Kuchoka pamenepo ndinapita kwa abwana anga akale kukawapempha kuti achichotse. Anandiseka, n'kunena kuti chithunzicho ndi chawo, ndinajambula ndili pa ntchito yawo.

Chithunzi cha amayi chili pabalaza, m'nyumba imene sidonthanso. Alendo akachiona amati, "Komatu inali yokongola kale, munaikonzeranji?" Amayi amangoti, "Anamanga ndi bambo a anawa," n'kuwathirira tiyi.

Chikwangwani chija chikadalipo. Dzuwa lachifufutsa, nambala ya foni yayamba kufufutika, koma mkulu uja akuthamangabe, dzanja lili kutsogolo, kufuna kuchotsa kathumba kake. Ndikamadutsa pa minibasi sinditembenuza nkhope. Ndimachiyang'ana mpaka tidutse, chifukwa amene anadina ndi ine. Pambali pake anawonjezerapo nyumba za anthu ena, zina ndi eni ake atakhala pakhonde m'zovala za kudimba. Ya amayi anga palibe, ndipo sidzakhalapo.