A Nabanda anadzukira kuperekeza mlendo

Loweruka lapitali ndinakwera sitima kupita ku Rongai, kunja kwa mzinda wa Nairobi. Si kuti ndimaikonda sitima ayi. Galimoto yanga inali kugalaja, ndipo matatu, maminibasi a ku Rongai, ndi nyimbo zawo zija, mutu wangawu sungapirire.

Ndinkakazonda a Nabanda, mayi a kwathu ku Dedza amene aphunzitsa zaka zambiri pasukulu ina ya mpingo kuno ku Nairobi. Anawachita opaleshoni ya m'chiuno. Mwana wawo Tadala anandiimbira foni: "Anti, adokotala akuti akapanda kumayenda tsiku ndi tsiku mwendo uuma, m'kalasi sadzaimamonso. Koma amayi akukaniratu. Bwerani mudzawalankhule."

Munayamba mwatsikirapo pa siteshoni ya ku Rongai? Chinyumba chachikulu, chosesedwa bwino, koma zii ngati tchalitchi Lolemba. Tinatsika anthu ochepa, sitima n'kupitirira ulendo wake wokalowa kunsi kwa mapiri a Ngong. Panja kunali mphepo ndi fumbi, ng'ombe za Amasai zikudya m'mbali mwa msewu, a boda, akabaza a kuno, akuodzera panjinga zawo. Ndinauyamba wapansi, kudutsa nyumba zosanja zosatha kumanga ndi kachisakasa ka mayi wogulitsa ndiwo zamasamba za sukuma ndi matimati.

A Nabanda ndinawapeza pasofa, ndodo ya kuchipatala itabisidwa kuseri kwa chitseko. Titamwa tiyi ndinayamba ulaliki wanga. Ndinatchula adokotala, ana asukulu, ngakhale Mulungu amene. Iwo ankangondiyang'ana.

"Amake Dalitso, ndiyende kupita kuti?" anandifunsa. "Munthu wamkulu ine ndizizungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira? Anthu a m'mafulati muno aziti mama wa ku Malawi zamusokonekera."

Zinandinyansa, sindikubisirani. Mtunda wonse uja, mawu anga onse kugwera pansi. Nthawi ya sitima itayandikira ndinanyamula chikwama n'kutsazika.

"Galimoto mwaimika pati?"

"Ndabwera pasitima, mayi."

"Pasitima? Ndiye mupite nokhanokha mpaka ku siteshoni? Tadala, tandipatsa ndodo ija."

Pakamwa panga panatsala pang'ono kuwononga zinthu. Ndinayamba kuti, "Ayi mayi, musavutike, ndikwera boda," koma Tadala anandiponda chala. Mayi ake anali atagwira kale mkono wa sofa, mano ali gwa.

"Mlendo wanga atuluke yekha ngati wapirikitsidwa? Ine sanandilere choncho."

Tinatuluka pageti. Phazi limodzi, ndodo, phazi linalo. Mayi wa sukuma uja anasiya mpeni n'kukuwa m'Chiswahili kuti achira, aziyenda pang'onopang'ono: "Mama Tadala, umepona! Pole pole!" A Nabanda anakweza dzanja, thukuta lili kamukamu. Tadala ankatitsatira chapatali, akunamizira kuwerenga za pafoni.

Tili pamsewu pomwepo, maso ali kutsogolo, anandiuza zimene sananene pasofa paja. "Za misala zija ndimangonena. Ine ndimaopa kugwa, amake Dalitso. Kugwa anthu akuona, n'kundinyamula ngati thumba." Ndinangosendera pafupi kuti phewa langa likhale poti angaligwire.

Pakona pamene denga la siteshoni limaonekera anaima. "Siteshoni yanu ndi iyo. Ine ndabwerera pano. Mukapereke moni kunyumba."

M'sitima ndinakhala ndi mkwiyo, koma tsopano osati ndi iwo. Mukuganiza kuti a Nabanda ankasowa alendo? Amalawi a mu Nairobi muno pa nkhani yozonda odwala sitigona. Anabwera a ku Spring Valley, dera la anthu opeza bwino, anabwera a kumpingo, ndi zipatso, mapemphero ndi nyimbo zomwe. Koma aliyense galimoto ankailowetsa mpaka pakhomo, ndipo potsazika mawu anali amodzimodzi: "Musadzuke mayi, khalani pomwepo." Mwaulemu wonse tinkawakhomerera pasofa.

Tinaiwala kuti munthu wa kwathu sayenda chabe. Zoyenda m'mawa ndi nsapato zothamangira, wopanda kopita, tinaziphunzirira konkuno ifeyo a m'maofesi. Mayi ngati a Nabanda amadzuka pakakhala chifukwa, ndipo chifukwa chimene sangachikane ndi mlendo amene akupita.

Nanga kuperekezako kunathera kuti? Lero mlendo amaitana takisi pafoni akali pampando wanu, foni ikalira n'kuthamangira kugeti. Mwininyumba amangosuzumira pawindo. Chonsecho nkhani zenizeni kwathu sizikambidwa pabalaza pamene ana akumvetsera ndipo wailesi ikulira. Zimatuluka panjira, anthu awiri akuyenda osayang'anana. Ndi maukwati angati, ndi matenda angati amene tinawadziwira pamphambano, munthu atanena kale kuti ndabwerera pano?

Ine ndiye ndatsimikiza mtima. Loweruka lililonse ndizipita ku Rongai wapansi kuchokera pa siteshoni, mpaka a Nabanda akaimenso m'kalasi. Ndawauzanso amayi anzanga a kumpingo kuti tizisinthana masiku. Ena aseka, akuti fumbi la ku Rongai silikugwirizana ndi nsapato zawo. Ndawayankha kuti agule zina. Amene sangathe kukwera sitima akaimike galimoto kutali ndi geti, chachikulu n'chakuti potsazika pakhale mtunda woti awaperekeze.

Dzulo Tadala watumiza uthenga. Akuti mayi ake afunsa ngati sitima yanga imabweranso pakati pa sabata, chifukwa ulendo uno akufuna kukandisiya pakhomo penipeni pa siteshoni.

Inu amene muli ndi wodwala wanu kwinakwake mumzinda muno, tadzifunsani. Mukamati "musavutike, khalani pomwepo," mumakhala mukumvera chisoni mwendo wake, kapena mukungothamangira kwanu?