Mawu Anga, Mkazi wa Msuweni

Chaka chimene madzi anabwerera m'nyanja ya Chilwa, mpingo wathu ku Likangala unabwereka zokuzira mawu za msonkhano wa achinyamata. Ine ndinadziguguda pachifuwa kuti kulumikiza ndimakudziwa. Zoona zake, ndinali nditangozionapo patali pa ukwati wina ku Zomba.

Ndinamangirira sipika mumtengo wa mango, ndinalumikiza mawaya ku batire la galimoto, kenako ndinavala mahedifoni. Abale, mawu anga kukoma kwake m'makutumo, ngati muulutsi wa pa wailesi! Poganiza kuti ndikudzimva ndekha, ndinayamba kuyeserera mawu amene ndinkaopa kuuza mtsikana wina wa m'kwaya.

"Esinala, iwe Esinala! Ukamapeta mpunga, mtima wanga umauluka limodzi ndi mankhusu. Ndilole, chonde!"

Ndinabwerezanso ndi mawu a besi. Nditavula mahedifoni, ndinamva nthungululu kuchokera kuminda ya mpunga. Amayi onse anali ataweramuka, Esinala ali pakati pawo, atagwira pakamwa.

Bambo ake, mkulu wa mpingo, anatulukira pa njinga ali wefuwefu. "Walankhula zimenezi ndani?"

Msuweni wanga Fulaye anali pambali panga, akudya nzimbe. Chala changa chinangodzuka chokha.

"Ndi uyu, bambo."

Fulaye anatsamwa. Koma asanakane, anaona Esinala akubwera uku akumumwetulira. Anapukuta pakamwa.

"Eya, ndine," anatero wakubayo.

Lero Fulaye ndi Esinala ali ndi zidzukulu. Esinala amadandaulabe kuti mwamuna wake analankhulapo mokoma tsiku limodzi lokha. Ine ndimangoti, "Amuna ndi otero, alamu."