Maliro Amene Ndinafukula ku Barking

Ndiyambe ndi kupepesa kwa amene anaphunzira mbiri yakale, chifukwa ndikulowa m'munda mwawo ndi khasu lobwereka. Sukulu yanga ndi ya kumudzi, ku Dedza, ndipo za Angerezi tinangophunzira zoti anabwera kudzatilamulira. Zoti kwawonso kunabwerapo ena kudzawalamulira ndinazidziwira m'ngalande, fosholo ili m'manja. Pamene ndalakwitsa mundikonze mofatsa.

Ndinkakhala ku Barking, dera lina la mumzinda wa London, kwa achemwali anga. Iwo anakwatiwa m'banja la Amalawi amene anathawira kuno kalekale. Alamu angawo anabadwira konkuno, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi. Ndiwo anandipezera ntchito pamalo pena pomwe ankamanga nyumba zosanjikizana, kufupi ndi mtsinje. Ntchito yanga inali yosalaza ndi fosholo mmene makina okumba adutsa. Nthawi imeneyo n'kuti achemwali atangobereka mwana wawo woyamba, wamkazi, ndipo wa kuchikazi kuno ndinali ine ndekha. Kwathu umalume si dzina chabe. Mwana wa mlongo wako ndi mbumba yako.

Tsiku lina m'mwezi wa Juni fosholo yanga inagunda chinthu. Ndinayesa ndi paipi yakale yadothi, poti zoterozo zinkapezeka kawirikawiri. Ndinavula magolovesi, n'kupalasa ndi zala, n'kuchigwira ndi manja awiri kuti ndichitembenuze. Chinali ndi mano.

Kapitawo anaimitsa makina. Apolisi anabwera, anayang'ana, n'kunena kuti munthuyu si wa dzulo kapena dzana, choncho si nkhani yawo. Kenako kunabwera anthu ofukula zakale. Mtsogoleri wawo anali mayi wina wamfupi, wa imvi, amene ankagwada m'matope ngati akupalira mtedza. Anakhoma tenti pamwamba pa ngalandeyo n'kuyamba kuchotsa dothi ndi timabulashi. Anzanga ankang'ung'udza kuti ntchito ichedwa. Ine nkhawa yanga inali ina.

Kumudzi kwathu, munthu amene wagwira maliro sanyamula khanda mpaka malirowo ataikidwa, iye n'kusamba. Sindinganene kuti ndinkazikhulupirira ndi mtima wonse. Ndine wa mpingo, ndinabatizidwa ndili wamng'ono. Koma mwana si choyesera. Tsiku lomwe ndinagwira chigaza chija ndinasamba nthawi yaitali, komabe mtembo unali udakali pamtunda. Achemwali atandipatsira mwana kuti akapakule chakudya, ndinabisa manja kumbuyo.

"Watani iwe? Landira."

"Achemwali, ndagwira maliro."

Nditawafotokozera anaseka mpaka mwana anadzidzimuka.

"Mafupa akalekale amenewo? Ameneyo anaikidwa kale, achimwene. Abale ake analira, anameta, zinatha."

"Koma ine ndamuutsa. Panopa ali panja."

"Ndiye titenge zitenje tikagone kusiwa?"

Alamu anafunsa chimene tikuseka, ndipo atamva anati zimenezi zitha pakapita sabata. Inenso ndinkaganiza choncho. Ndinkayembekezera kuti eni maliro abwera, awatenga, n'kukawaika.

Sabata inapita, sikunabwere munthu. Zinanditengera masiku kuti ndilimbe mtima, koma tsiku lina pa nthawi yopuma ndinapita pakhomo pa tenti ija. Ndinavula chipewa changa cholimba mwaulemu, kapitawo n'kukuwira chapatali kuti ndichivale msanga. Ndinachivala, n'kufunsa mayi uja m'Chingerezi changa chotsimphina ngati abale a malemu auzidwa.

"Abale ati?" anandifunsa.

"Eni ake."

Anandilozera ndowa yovundikira kuti ndikhalepo, n'kundithirira tiyi wa m'fulasiki yake. Anayamba kujambula mizere pakhoma la ngalande ndi kachitsulo kake kofukulira. Pansi penipeni, anati, pali anthu amene Aroma anawapeza kuno. Aroma anabwera pa zombo, anamanga London ndi misewu, anakhala zaka pafupifupi mazana anayi, n'kuchoka. Kenako kunabwera Asakisoni ndi anzawo kuchokera kutsidya la nyanja, ndipo chinenero chawo ndicho chinabala Chingerezi. Pambuyo pawo kunabwera anthu a ku Denmark pa mabwato aataliatali olowa m'mitsinje, ndipo akuti ndiwo anaotcha nyumba ya masisitere ya ku Barking konkuno. Mabwinja a pamalowo ndinkawadutsa m'mawa uliwonse, ndikuyesa ndi maziko a nyumba imene mwini wake analephera kumaliza. Pomaliza, m'chaka cha 1066, kunabwera Anomani kuchokera ku France. Anapha mfumu ya kuno pankhondo, ndipo mfumu yawo itavekedwa ufumu inadzakhalako ku Barking pamene ankaimangira linga ku London.

"Ndiye malemuwa ndi a mtundu uti?" ndinafunsa.

"Sitikudziwa. Ndi mayi, mafupa a m'chiuno akuonetsa. Anamugoneka mutu kumadzulo, wopanda katundu aliyense, monga ankaikira Akhristu. Zina tidzadziwa tikapima."

"Nanga inuyo ndinu a mtundu uti?"

Nditafunsa ndinachita manyazi, koma iye anaseka.

"Mwina mitundu yonseyi. N'kutheka kuti makolo anga ena anaotcha nyumba za makolo anga ena."

Zimenezo ndinazimva bwino kuposa zonse. Agogo anga a kuchimuna ankadzitama kuti ndi Angoni, ana a anthu amene anabwera ndi nthungo ndi zishango, koma Chingoni chawo chinkathera m'nyimbo za ngoma. Chichewa chinawameza kudzera mwa akazi amene makolo awo anakwatira. Choncho ndinafunsa funso limene kwa ine linali loyamba pa onse: kodi obwerawo ankabwera ndi akazi awo? Mayiyo anati zinkasiyana. Asakisoni akuoneka kuti anabwera ndi mabanja, a ku Denmark ena anabwera nawo ena ayi, pamene Anomani anali ochepa ndipo ambiri anakwatira konkuno, moti zidzukulu zawo zinadzayamba kuyankhula Chingerezi.

"Ndiye kuti anawo ndi a kuno," ndinatero, "poti mwana ndi wa kwa mayi ake."

Anati kuno amawerengera kwa bambo. Mumtima ndinadabwa kuti munthu angawerengere bwanji mtundu kwa mwamuna wotsika m'bwato, pamene mayi amene anamubereka ali pompo ndi abale ake onse.

Atamaliza kufukula analongedza mafupawo m'bokosi, galimoto n'kuwatenga. Ndinafunsa kuti maliro aikidwa liti. Mayiyo anati chilolezo chawo chimanena kuti akamaliza kupima awaikenso m'manda, koma mabokosi odikira ndi ambiri, mwina papita chaka kapena ziwiri. Sindikudziwa kuti nkhope yanga inaoneka bwanji, koma anandipatsa nambala yake ya foni.

Ndinayamba kupita kulaibulale. Mabuku aakulu anandikanika, ndiye ndinkabwereka a ana, a zithunzi, n'kumawerenga m'sitima nditaphimba chikuto ndi dzanja. Ndinkafuna kupeza eni ake a mayi wa m'ngalande uja, koma ndikawerenga za mtundu umodzi ndinkapeza kuti nawonso anapeza ena. Mabukuwo ankanena za mafumu ndi nkhondo. Ine ndinkafuna kudziwa zazing'ono. Kodi mayiyo anaona mabwato akukwera mtsinje umenewu? Kodi anathawira kuti ndi mbuzi zake, ngati anali nazo? Ufumu utasintha, ndani anamuuza? Kapena anangoona kuti wodzatolera msonkho chaka chimenecho akuyankhula chinenero chachilendo? Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ndinkapita pamabwinja paja n'kumaponda m'mbali mwa miyala, kuyesa kuona mumtima pamene panali chitseko.

Kunyumba kuseka kunatha. Ndinkayesetsa kukonza mbali zina. Ndinkatsuka mabotolo a mkaka, kuchapa timalaya, kukankha chikuku cha mwana ndikugwira chogwirira chokha. Koma tsiku la ubatizo wa mwanayo, amayi awo a alamu anga anaitana pagulu kuti malume anyamule mwana ajambulidwe. Ndinanamizira chimfine. Pachithunzicho ndaima kumapeto, manja m'matumba, ngati munthu wodutsa m'njira. M'basi pobwerera achemwali sanandiyankhule. Titafika anatseka chitseko cha kukhitchini.

"Kuno ndilibe amayi, ndilibe azakhali. Ndili ndi iwe wekha. Ndiye iwe wasankha mzungu wakufa."

"Sindinasankhe, achemwali. Ndikuopera mwana."

"Azamba a kuchipatala amagwira zingati asanagwire ana athu? Mwanayu akukula osadziwa fungo la malume ake. Akadzakukana usadzandifunse."

Ankanena zoona. Komabe ndikati nditambasule manja ndinkakumbukira kuzizira kwa chigaza chija m'zala zanga, n'kuwabweza.

Mwezi uliwonse ndinkatumiza uthenga kwa mayi wofukula zakale uja. Ndinkangomupatsa moni, kumufunsa za ntchito, n'kumufunira zabwino. Ndinkayesa kuti amva yekha chimene ndikufunsa, monga amamvera anthu kwathu mlendo akabwera kawiri wopanda nkhani. Iye ankayankha mokoma kuti zikomo, ali bwino.

Chaka chitatembenuka mwana anayamba kukwawa, ndipo mwa anthu onse m'nyumbamo anasankha ine. Ndikakhala pampando ankabwera, ine n'kusamukira pena, iye n'kutembenuka kunditsatira, akuyesa ndi masewera. Tsiku lina anandipanikiza pakona pafupi ndi firiji. Anagwira buluku langa n'kudzikoka mpaka kuimirira, koyamba m'moyo wake. Ine ndinaima ngati mtengo wa magetsi, manja m'mwamba. Alamu ankajambula pafoni akuseka. Achemwali anabwera, anamunyamula, n'kutuluka naye.

Mawa lake ndinaimba foni kwa mayi uja n'kumuuza zonse, kuyambira mwambo wa kwathu mpaka buluku. Ndinkadikira kuti aseke. M'malo mwake anafunsa kuti mwanayo ndi wamkulu bwanji. Nditamuuza anapuma mozama.

"Bwanji simunanene kale?"

"Ndinkaopa kukuvutitsani."

"Ine ndinkayesa mumangokonda kupereka moni."

Anati aona ngati bokosilo lingadumphe mzere. Patapita masabata angapo anandiimbira. Mayi wa m'ngalande uja, anati, anakhala ndi moyo nthawi ina pakati pa kubwera kwa anthu a ku Denmark ndi kubwera kwa Anomani, mwina kupitirira pang'ono. Zopimira zawo sizikanatha kunena zoposa pamenepo. Anali wachikulire, mano ake anaperepeseka ndi mchenga wa pamphero. Ngati anali Msakisoni, kapena wa ku Denmark, kapena mwana wa onse awiri, sizinadziwike. Koma mkono wake wina unathyokapo n'kupola mowongoka.

"Alipo amene anaumanga mkonowo," anatero, "n'kumamusamalira mpaka unapola."

Ndinamva ngati ndapeza theka la yankho. Eni ake analipo, kungoti tinasemphana nawo.

Anamuika pakona ya manda ena a boma, m'mawa kukuwaza mvula. Kapitawo anandilola kuchoka theka la tsiku. Tinalipo anthu anayi: mayi wofukula zakale, m'busa wa kumandako, bambo wosamalira manda, ndi ine. Bokosi linali laling'ono, loti munthu mmodzi n'kunyamula, ndipo anandilola kulinyamula kuchokera pagalimoto. M'busa anapemphera mwachidule, osatchula dzina poti panalibe. Bambo wa kumanda uja atati ayambe kukwirira ndinamupempha fosholo. Anayang'ana mayi uja, mayiyo n'kugwedeza mutu movomera, iye n'kundipatsa. Ndisanathire dothi ndinayankhula chapansipansi m'Chichewa.

"Pepani amayi, ndine ndinakudzutsani. Sindinadziwe. Gonani tsopano."

Sindikudziwa ngati anamva, koma wamva zinenero zambiri pamalo amenewa, china chimodzi sichikanamudabwitsa. Ndinakwirira, ndinasalaza bwinobwino, poti ndiyo ntchito imene ndimaidziwa. Pafupi ndi chipata panali mpopi wotungapo madzi a maluwa. Mankhwala osambira kunalibe, ndiye ndinangosamba madzi okhaokha, m'manja ndi kumaso, n'kutsukanso nsapato. Mayi uja anaima kumbuyo kwanga, kenako anapinda manja a jekete lake.

"Inenso nditero?"

"Mwagwira ambiri inu," ndinatero. Anasamba mpaka m'zigongono.

Kunyumba ndinapeza achemwali atakhala pansi pakapeti, akupinda zovala, mwana akuwakwera kumsana. Ndinadutsa kupita kubafa. Nditatuluka sanadzutse mutu.

"Aikidwa?"

"Aikidwa."

"Wasamba?"

"Ndasamba, achemwali."

"Ndiye tenga katundu wako, wandithyola msana."

Anali wolemera kuposa mmene ndinkaganizira. Anandiyang'ana pafupi, nkhope imene anazolowera kuiona patali, ndipo anapinda milomo n'kuyamba kulira, akutambasulira manja kwa mayi ake. Ndinati ndimubweze.

"Ayi," anatero achemwali, akupindabe zovala. "Muzolowerane."

Ndinayenda naye uku ndi uku m'chipindamo, ndikung'ung'uza nyimbo ya ngoma ya agogo anga imene mawu ake sindidziwa tanthauzo lake. Analira mpaka anatopa. Kenako anagwira khutu langa, n'kulikoka mwamphamvu kuti aone ngati limachoka.

Linali Lachinayi, pa 14 Marichi 2024.