Tsiku limene tinaululitsa alamu bodza

Mng'ono wanga anakhala pabanja zaka zisanu ali chimanjamanja. Ataima, mudzi wathu wonse ku Maseya unapuma. Ine ndinali nditabereka kale kasanu ndi kamodzi, ndiye za mimba sindinkafuna kuuzidwa ndi munthu.

Koma mimba yake inali yachilendo. Mwana akatakataka, iye ankaluma chitenje. Ukaika dzanja, kachidendene unkakagwira bwinobwino ngati kali kuseri kwa nsalu. Ndinkamuseka kuti wanyamula womenya mpira. Kuchipatala chaching'ono anamulembera kuti akamuunike ku boma, ine n'kuti, “Iwe, aliyense woyembekezera amamva kuwawa. Usadzipepule.”

Mwezi wachisanu ndi chimodzi anagwa akusenga mapira. Milomo inayera, thukuta lili kamukamu. Ine ndinalitchula vutolo pomwepo: mapinga. Kwathu kuno timati mwamuna akayenda ndi akazi ena mkazi wake ali ndi pakati, njira imatsekeka mpaka mwamunayo ataulula. Alamu anali odula nzimbe kukampani, obwera, ofatsa mokayikitsa. Sindinkawakonda, ndinene zoona.

Anafika ndi njinga yamoto yakabaza, makala a nzimbe akadali kumaso.

“Alamu, ndiloleni ndipite naye,” anandipempha.

“Muyambe mwatchula akazi anuwo,” ndinayankha nditaima pakhomo.

Anakana. Azakhali anabwera, amayi ena awiri anabwera, tinawakhazika alamuwo pansi pa mtengo wa msawu kuyambira dzuwa lili paliwombo mpaka litapendeka. Wakabaza anatopa n'kumapita. M'nyumba mng'ono wanga ankapempha madzi, mawu akunka nachepa.

Kenaka alamu anawerama n'kutchula akazi atatu. Ndinamva kukoma, Mulungu andikhululukire. Tinapatuka pakhomo, iwo n'kuthamanga kukafuna galimoto.

Ku boma mng'ono wanga anamulowetsa kukamung'amba, koma magazi anali atathera m'mimba, ndipo anatsirizikira momwemo. Dokotala wamkazi anatiitana awiri, ine ndi alamu. Anajambula papepala n'kunena kuti mwanayo sanalowemo m'chiberekero. Chiyambire masiku oyamba anamera pamatumbo, nsengwa n'kugwira pamene sipayenera, ndipo tsikulo inamatuka. Anati zimangochitika, palibe amene amachititsa. Mwana sakanapulumuka, koma mayi, tikanafulumira, mwina.

Tili pakhonde ndinawafunsa alamu za akazi aja.

“Kulibe anthu amenewo,” anatero osandiyang'ana. “Ndimafuna muchoke pakhomo basi.”

Pamaliro nkhani inali itafala kale kuti anaulula okha ndi pakamwa pawo. Anthu ankawalozerana ndi milomo. Amalume anawaletsa kuponya dothi m'manda. Ine ndinali pomwepo, ndikulira kuposa onse, ndikudziwa zonse. Mawu a dokotala tinawamva awiri okha, ndipo mmodzi mwa awiriwo palibe akanamukhulupirira.

Nyengo yodula nzimbe itatha alamu anabwerera kwawo, sindidziwa ngati ali moyo. Mpaka lero mtsikana wa m'mudzi mwathu akafunsiridwa ndi mwamuna wobwera, azimayi amamukumbutsa za uja anapha mkazi wake ndi chiwerewere. Amanena ine ndili pompo, ndipo amanditembenukira kuti ndichitire umboni.