Wotsuka Timagalasi wa Diso Limodzi

Tsiku limene mayi wina anakanidwa kusukulu ya za labotale, akuluakulu a sukuluyo sanamubisire mawu. "Mayi, diso limodzi pa maikulosikopu? Kayeseni zina." Diso lake lakumanzere linatupa ali mwana, ndipo litapola linasiya chipsera choyera ngati dontho la mkaka. Analira njira yonse mpaka kunyumba.

Ntchito imene anapeza inali yotsuka timagalasi topimirapo m'labotale ya chipatala cha maso. Anzake ankamunyogodola kuti aSopo. Iye ankangoseka, koma asanaviike kagalasi m'madzi ankayamba wakasuzumira pa maikulosikopu, makina okuza tinthu tosaoneka ndi maso, n'kuyerekeza ndi zithunzi za m'mabuku otayidwa. Mayi uyu makani ngati chiyani!

Chaka chachinayi anaona zachilendo. M'tinyama ta zipsera tochotsedwa m'maso mwa odwala munali maselo ogwira utoto wofanana ndi wa maselo osakhwima, aja ochokera m'mafupa n'kumayenda m'magazi. Analimba mtima n'kuuza dokotala wamkulu.

"Ndiye kuti simutsuka bwino," anatero dokotala. "Magazi a munthu wina akutsalira pagalasi. Ngati zili choncho, ntchito yanu yatha."

"Adokotala, tsegulani bokosi la timagalasi tatsopano, ine ndisatikhudze n'komwe. Maselowo akapanda kuoneka, ndivula ndekha yunifomuyi."

Mayi ake omubereka atamva anagwira pakamwa. "Mwanawe, unatumidwa kutsuka, osati kuona. Ana ako adya chiyani?" Iyenso mantha anali nawo ndithu.

Patatha sabata ziwiri, dokotala anaweramira pa makina nthawi yaitali. Maselo aja analipo ngakhale pa timagalasi tatsopano tija.

"Diso likatupa, amenewa amachoka m'magazi kudzakonza bala," anatero motsitsa mawu. "Akapitirira muyeso, n'kutheka kuti ndi omwe akumanga chipsera."

Wotsuka timagalasi uja anagwira chikope chake chakumanzere. Kwa zaka makumi atatu, palibe anamuuzapo chimene chinatseka diso lake.

Dokotala anadzuka, n'kumukokera mpando. "Khalani apa, mayi. Sopo timupezera munthu wina."

Lero ali m'gulu lofufuza momwe angaletsere maselowo kuwononga maso a ana ena. Ine ndimamuvulira chipewa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo iye anadekha ndi diso limodzi lomwelo.

Inu amene akutsekerani chitseko chifukwa cha chipsera chanu, musataye mtima. Chimene chakutsalirani, chigwiritseni ntchito.